Makakitasi ndi zomera zina zosunga madzi: mmene mungazizindikirire ndi kuzisamalira pakhomo

Zambiri mwa zomera zimenezi zikafa m'makomo mwathu, sizikhala kuti zafa ndi ludzu. Zimaola. Munthu amagula kakitasi kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, amafika naye kunyumba ali m'kajumbo kakuda kodzaza dothi lakudambo, n'kumuika pakati pa maluwa ena. Wothirira maluwa m'mawa uliwonse sasankha, amangothira onse. Pofika Febuluwale tsinde lafewa m'munsi, lada bii, ndipo kungolikhudza limagwa. Malangizo onse ali m'munsimu akuzungulira pa mfundo imodzi: mizu ya zomera izi isamakhalitse m'chinyontho. Koma kukhalitsako n'kosiyana. Kakitasi wa m'chipululu cha ku Mexico ndi wa m'nkhalango za ku Brazil safuna zofanana, n'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kudziwa chomera chimene muli nacho.

Gawo loyamba: dziwani kuti chomera chanu n'cha gulu liti

Yambani ndi pamene pamera minga. Bweretsani mphika pafupi ndi maso, pamalo owala. Kakitasi weniweni amakhala ndi timadontho tozungulira taubweya woyera kapena wotuwa, tondandalikana pathupi pake, ndipo minga imatuluka pa timadonthoti, ingapo pamalo amodzi. Maluwa ndi nthambi zatsopano zimatulukiranso pomwepo. Akatswiri a zomera amatitcha areole, ndipo palibe banja lina la zomera limene lili nato. Ngakhale kakitasi wopanda minga amakhala nato, mukayang'anitsitsa m'mphepete mwake.

Ngati minga ikutuluka pathupi penipeni, kawirikawiri iwiriiwiri moyang'ana uku ndi uku, popanda ubweya, mwina muli ndi Euphorbia, m'bale wake wa nkhadze imene timabzala ngati mpanda. Tsimikizani pobaya pang'ono ndi singano pamalo obisika. Mukatuluka utomoni woyera ngati wa nkhadze, ndi Euphorbia. Mitundu ingapo ya kakitasi wotchedwa Mammillaria ilinso ndi utomoni woyera, koma iyo ubweya uja uli nawo, choncho musadalire utomoni wokha.

Kusiyanitsaku kuli ndi phindu. Makakitasi, amene mitundu yake ndi yoposa 1,500, kwawo ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka ku Patagonia, kum'mwera kwenikweni kwa South America. Umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, wolendewera m'mitengo, ndi umene umapezekanso mwachilengedwe mu Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Choncho mitengo yaminga yokhala ndi nthambi zoloza kumwamba imene mumaiona m'mapiri amiyala kwathu kuno si makakitasi, ndi Euphorbia. Utomoni wake umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ungathe kuwononga diso. Zikachitika, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala.

Zopanda minga yotere zimazindikirika ndi masamba. Alovera ndi abale ake, gulu la Aloe, ali ndi masamba onenepa okhala ndi mano m'mphepete, ndipo mukathyola tsamba limaduka mosavuta, m'kati muli zoterera. Khonje ndi abale ake, gulu la Agave, amaoneka mofanana nawo koma tsamba lake silithyoka bwino chifukwa ladzaza luzi, ndipo kunsonga kuli munga umodzi wolimba. Aloe ndi wa ku Africa ndi ku Arabia, amachita maluwa chaka ndi chaka. Agave ndi wa ku America, ndipo mitundu yambiri imachita maluwa kamodzi kokha patapita zaka zambiri, kenako chomeracho chimafa n'kusiya ana m'mbali.

Timaluwa ta masamba oyalana mozungulira, osalala, otuwa ngati awazidwa ufa, nthawi zambiri ndi Echeveria wa ku Mexico. Ufawo musaupukute, ndi umene umateteza tsamba kudzuwa ndipo subwereranso pamene wachoka. Tating'ono ta masamba olimba, obiriwira modera, okhala ndi mizere kapena timadontho toyera, ndi Haworthia wa ku South Africa. Kamtengo ka masamba ozungulira onyezimira, kamene ena amati kamabweretsa ndalama, ndi Crassula ovata, wa ku South Africa ndi Mozambique. Cha masamba aataliatali oimirira okhala ndi mawanga, chimene chimapezeka m'maofesi ambiri, ndi Sansevieria. Cha timatsinde tofewa ta ngodya zinayi chimene chimatulutsa duwa lalikulu longa nyenyezi, lonunkha nyama yoola, ndi Stapelia. Fungolo ndi loitanira ntchentche zimene zimanyamula mungu wake, choncho musachiike pafupi ndi zenera la kuchipinda chodyera. Cha tsinde lotupa m'munsi ndi maluwa ofiirira ndi Adenium, ndipo utomoni wake ndi wakupha, ana asamasewere nacho.

Gulu limodzi lofunika kulipatula ndi la makakitasi a m'nkhalango. Wodziwika kwambiri ndi Schlumbergera, wa tizigawo taphanthiphanthi tolumikizana n'kumalendewera. Kwawo ndi kumapiri a m'mphepete mwa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, kumene amamera panthambi za mitengo ndi pamiyala, pamthunzi ndi m'nkhungu. Ku Ulaya amachita maluwa nthawi ya Khrisimasi, koma kum'mwera kwa dziko lapansi, monga ku Brazil komweko ndi kwathu kuno, maluwa amabwera cha mu Meyi ndi Juni, masiku akafupika. Ameneyu mukamuika padzuwa la Okutobala ndi kumumana madzi ngati wa m'chipululu, mumupha.

Mapulogalamu a pafoni ozindikira zomera ndi chithunzi amathandiza kupeza gulu, koma pa dzina lenileni la mtundu amaphonya kawirikawiri. Dikirani maluwa, ndiwo amathetsa mkangano. Mukalipeza dzina, lilembeni ndi pensulo pa kachidutswa ka pulasitiki n'kukazika mumphika. Inki ya bolopeni imafufutika ndi dzuwa.

Gawo lachiwiri: gulani mosamala

Tsinani pang'ono m'munsi mwa tsinde, pamene lakumana ndi dothi. Pakhale polimba. Yang'anani m'mphako za masamba ngati muli timabulu toyera ngati thonje. Funsani wogulitsa ngati chomeracho chakhala padzuwa kapena pamthunzi, chifukwa yankholo lidzakuthandizani pa gawo lachisanu. Makakitasi ena ochokera kunja amabwera atamatidwa maluwa ouma ndi guluu, kapena minga itapakidwa utoto. Duwa limene silikufota mwezi wathunthu n'lomata.

Muonanso timipira tofiira, tachikasu kapena tapinki titakhala pamwamba pa tsinde lobiriwira la ngodya zitatu. Zimenezo ndi zomera ziwiri zolumikizidwa. Kampirako ndi Gymnocalycium wopanda mtundu wobiriwira umene zomera zimapangira chakudya, choncho kamadya za tsinde lapansilo, limene ndi kakitasi wobereka chipatso cha dragon fruit. N'zokongola, koma sizikhalitsa zaka zambiri, ndipo kwa woyamba kumene ine sindingazilimbikitse. Chimodzimodzi Lithops, timiyala tamoyo ta ku Namibia ndi South Africa, timene katswiri wa zachilengedwe wa ku England, William Burchell, anatola mu 1811 pafupi ndi tauni ya Prieska ku South Africa akuyesa ndi mwala. Kuthirira kamodzi kokha panthawi yolakwika kumatiphulitsa. Yambani ndi Aloe, Crassula, Haworthia, Mammillaria ndi Sansevieria.

Zokumba kuthengo musagule, ndipo inunso musakumbe. Malawi ali ndi mitundu yake ya Aloe yosiririka. Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira ngati mkuwa m'chilimwe, anatenga dzina la Kenneth Cameron amene anamutumiza kumunda waukulu wa zomera wa Kew ku London kuchokera ku Nyasaland. Aloe mzimbana dzina lake likuchokera ku Mzimba. Zoterezi zikazulidwa pathanthwe zambiri zimafera m'miphika, ndipo pamalopo pamatenga zaka kuti pamerenso. Kafukufuku wa 2015 wa IUCN, bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse, anapeza kuti mitundu 31 pa 100 iliyonse ya makakitasi ili pachiopsezo chotha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi okumba pofuna kugulitsa. Amene mumayenda kunja dziwaninso kuti pangano la CITES la 1973, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakuthengo pakati pa maiko, limene Malawi ali momwemo, limakhudza pafupifupi makakitasi onse, Euphorbia wosunga madzi, ndi Aloe yense kupatula alovera. Kudutsa nazo pachipata cha dziko kumafuna zikalata.

Gawo lachitatu: konzani mphika ndi dothi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo chifukwa chake chili m'mapumidwe a zomerazi. Chimanga kapena nyemba zimatsekula timabowo ta pamasamba masana kuti zitenge mpweya, ndipo potero zimataya madzi ambiri. Makakitasi, Aloe, khonje ngakhalenso chinanazi zimatseka timabowoti masana, n'kutitsekula usiku kukazizira. Mpweya umene zatenga usiku zimausunga m'thupi n'kuugwiritsa ntchito dzuwa likatuluka. N'chifukwa chake zimakula pang'onopang'ono ndipo zimamwa madzi ochepa zedi. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: madzi amene mwathira mumphika, chomeracho sichiwamaliza. Ayenera kutuluka okha pansi kapena kuuma ndi mphepo. Akapanda kutero mizu imasowa mpweya, imafa, ndipo matenda ooletsa amalowera pomwepo n'kukwera tsinde.

Choncho mphika ukhale ndi bowo pansi, lalikulu moti chala n'kulowa. Kuyala miyala pansi pa mphika wopanda bowo sikuthandiza kanthu, madzi amangodikha momwemo. Mphika wadothi wowotcha, wosapaka utoto, ndi umene ndimaukonda, chifukwa umatulutsa chinyontho m'mbali monse. Mukamaitanitsa kwa oumba, auzeni aboole usanaume. Ngati mwagula kale, unyikeni m'madzi usiku wonse, kenako boolani pang'onopang'ono ndi msomali. Zitini ndi mabeseni akale nazo zimagwira ntchito, bola mabowo achuluke, ndipo kumbukirani kuti chitini chimatentha kwambiri padzuwa. Kukula kwa mphika kungoposa chomera pang'ono, mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri kuzungulira. Kachomera kakang'ono mumphika waukulu kamakhala pakati pa dothi lonyowa limene mizu yake silifikira.

Dothi sakanizani motere, poyeza ndi chitini chimodzi chomwecho: zitini ziwiri za mchenga wokhakhala wa kumtsinje, chimodzi cha njerwa zowotcha zophwanya, ndi chimodzi cha dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana bwino. Onjezani dzanja limodzi la timakala tophwanya. Njerwazo ziphwanyeni mpaka zikhale ngati njere za chimanga kapena kucheperapo, ndipo zikhale zopsa bwino, osati zimene zimasungunuka zikanyowa. Miyala ing'onoing'ono ya kukwale ikhoza kulowa m'malo mwa njerwa. Chinthu chimene ambiri amadumpha ndi kusefa. Ikani mchenga ndi njerwazo pa sefa ya waya wa udzudzu, gwedezani, fumbi lonse lipite pansi, inu mutenge zotsala pamwamba. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ukasakanikirana ndi dothi umagwirana n'kuuma gwa, madzi osalowanso. Makande ndi dothi lakudambo zisayandikire n'komwe.

Yesani musanabzale. Nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja mwamphamvu, kenako tambasulani. Likagumuka lokha, lili bwino. Likatsala chibulumwa chokhala ndi zidindo za zala, onjezani mchenga ndi njerwa. Kuyesa kwina, dzazani mphika n'kuthira kapu ya madzi: ayambe kutuluka pansi musanawerenge kufika pa 10.

Kwa Schlumbergera ndi makakitasi ena a m'nkhalango sinthani muyezo. Theka likhale masamba owolerana ndi timakungwa ta mitengo, theka mchenga wokhakhala.

Gawo lachinayi: okerani chomera m'dothi latsopano

Chitani izi dothi lakale litauma. Pindani nyuzipepala kangapo ikhale lamba wochindikala, kulungani kakitasi m'chiuno, gwirani nsonga ziwiri za lambayo, pendeketsani mphika n'kumusolola. Kwa Opuntia, uja wa zigawo zaphanthiphanthi, samalani kwambiri. Kuwonjezera pa minga ikuluikulu, ali ndi timinga tosaoneka bwino timene timathothoka tikangokhudzidwa, ndipo magolovesi ansalu amangodzaza nato. Tikakulowani pakhungu, matanipo selotepi n'kumatula kangapo.

Sasani dothi lonse lakale kumizu, ngakhale kutokosa ndi kamtengo. Mizu yakuda, yofewa kapena yonunkha iduleni ndi lumo loyera. Ngati mwadula yambiri, gonekani chomeracho pamthunzi masiku atatu kapena anayi mabala aume. Tsekani bowo la mphika ndi phale kapena kachidutswa ka neti, thirani dothi louma, khazikani chomera pa msinkhu womwe chinali kale, osachizamitsa. Pamwamba yalani timiyala kuzungulira khosi la chomera kuti lisagundane ndi dothi lonyowa. Kenako chisiyeni osathirira sabata yathunthu. Mtima umafuna kuthira madzi tsiku lomwelo monga timachitira ndi mbande za kabichi, koma mizu yovulala ikakumana ndi madzi ndi pamene kuola kumayambira.

Gawo lachisanu: pezani malo owala

Zambiri zimafuna dzuwa la maola anayi kufika asanu ndi limodzi patsiku, makamaka la m'mawa. Khonde loyang'ana kum'mawa ndi malo abwino koposa, chifukwa limapereka dzuwa lam'mawa, mthunzi wamasana, ndi denga lotchinga mvula. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kumpoto limawala kwambiri nthawi imeneyo. Pa tebulo la pakati pa balaza n'pamdima, ngakhale inu mukuona bwinobwino. Sansevieria ndi Haworthia zimapirirako kuwala kochepa, zinazo ayi.

Chomera chosowa dzuwa chimadziulula. Kakitasi wozungulira amayamba kusongoka pamwamba, gawo latsopanolo lili lowonda, lotumbuluka, minga yake yochepa. Echeveria amatalika, masamba n'kutalikirana. Gawo lowondalo silidzanenepanso, mungathe kungoletsa kuti zisapitirire. Koma musachotse chomera m'nyumba n'kuchiika padzuwa la masana tsiku lomwelo, chimapsa n'kuchita zipsera zoyera kapena zofiirira zosatha. Chizolowezeni kwa masabata awiri kapena atatu, kuyamba ndi ola limodzi la m'mawa n'kumawonjezera. Masamba a Aloe kapena Crassula akafiira m'mphepete koma ali olimba, si matenda, ndi mtundu umene dzuwa ndi kuuma zimatulutsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: thirirani motsata nyengo

Lamulo ndi lakuti mukathirira, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, kenako dikirani dothi liume mpaka pansi musanathirirenso. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku n'koipa pawiri: khosi la chomera limakhala lonyowa nthawi zonse, pamene mizu yapansi sikulandira kanthu. Kuti mudziwe ngati lauma, zikani kamtengo kouma ka nsungwi mpaka pansi pa mphika, kasiyeni mphindi zingapo, kenako kasololeni. Kakatuluka kozizira, kakuda, dothi litamatirira, dikirani. Kakatuluka kouma, thirirani. Mukazolowera mudzangonyamula mphika n'kudziwa ndi kulemera kwake. Ngati pansi pa mphika pali mbale, tayani madzi otsalamo.

Thirani padothi, osati pamutu pa chomera. Madzi akadikha pakati pa masamba a Echeveria kapena Aloe usiku wonse, mtima wake umaola. Madzi amvula ndiwo abwino. A pamjigo m'madera ena amakhala ndi mchere, ndipo mudzaona zoyera zikuundana m'mphepete mwa mphika. Zikatero, kamodzikamodzi tsukuluzani dothilo pothira madzi amvula ambiri kuti adutse.

Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itayamba, kukutentha ndipo zomera zikudzuka. Mphika waung'ono wadothi ukhoza kuuma m'masiku asanu kapena sabata. Thirirani madzulo kapena m'mamawa, osati dothi litatentha. M'madera otentha kwambiri monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, tchingirani dzuwa la masana ndi neti kapena mkeka wa bango, chifukwa mumphika mizu imapsa msanga kusiyana ndi pansi.

Dzinja ndiye nyengo yoopsa. Mvula ya tsiku limodzi yotsatana ndi dzuwa siwononga, zomera zimaikonda. Choopsa ndi mvumbi wa Januwale ndi Febuluwale, mvula ya masiku anayi kapena asanu dzuwa osaoneka. Nthawi imeneyo makakitasi ozungulira, aubweya, Echeveria ndi Lithops zikhale pansi pa denga. Ngati khonde ndi laling'ono, ikani lata loonekera kapena pepala la pulasitiki pamwamba pokha, m'mbali musiye potseguka kuti mphepo izidutsa. Kwezani miphika panjerwa kapena pathandala kuti bowo lisatsekedwe ndi matope. Onaninso kuti palibe mphika umene uli pamzere wodonthera madzi a padenga. Aloe wa kwathu, Adenium, Euphorbia ndi khonje zinazolowera mvula ya dzinja, zikhoza kukhala panja ngati dothi likutaya madzi bwino. Zobzala pansi zikhale pa kachulu kokwera kosakaniza ndi miyala, osati m'dzenje.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti makakitasi a m'chipululu amapuma. Chepetsani kwambiri, kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo akuluakulu atha kukhala osathiriridwa nyengo yonseyo. Kuzizira kouma kumeneku ndi kumene kumawakonzekeretsa kuchita maluwa kukayamba kufunda, moti kakitasi wothiriridwa chaka chonse kawirikawiri amangonenepa osachita duwa. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chenjerani ndi chiperoni, chifukwa kuzizira kophatikiza ndi chinyontho kumaoletsa msanga kuposa mvula yofunda. Kumalo okwera ngati Dedza, kumene chisanu chimawauka mbewu, Adenium ndi Euphorbia zilowe m'nyumba usiku. Adenium akayoyola masamba nyengo imeneyi sanafe, musamuthire madzi pofuna kumudzutsa. Aloe ambiri ndiye amachita maluwa nthawi yomweyi, ndipo timbalame ta songwe timabwera kudzamwa timadzi take.

Abale amene muli ku Britain tembenuzani zonsezi: zenera loyang'ana kum'mwera, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi pafupifupi osathirira, kutali ndi zotenthetsera m'nyumba. Ku Johannesburg nyengo zikufanana ndi zakwathu, kungoti chisanu cha Juni ndi Julayi n'choopsa kwambiri.

Chomera chaludzu chimachita makwinya, masamba apansi amafota n'kuuma ngati pepala, ndipo chikamwa chimabwerera m'masiku ochepa. Chokhuta madzi masamba ake amasanduka achikasu, amaonekera m'kati, amafewa ndipo amagwa mukangowagunda. Chosokoneza n'chakuti chomera chimene mizu yake yaola chimachitanso makwinya, popeza sichikutha kumwa. Mukaona makwinya dothi lili lonyowa, musawonjezere madzi, zulani muone mizu.

Za feteleza n'zachidule. Urea ndi feteleza wina wa chimanga amafufumitsa chomera, khungu n'kukhala lofewa, losachedwa kung'aluka ndi kuola. Ngati mukufuna kuthira, tengani wosungunula m'madzi wa tomato, muchepetse mphamvu yake kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wolembedwa, kawiri kapena katatu m'nyengo yofunda basi. Kusintha dothi pakatha zaka ziwiri kapena zitatu kumakwanira ngakhale popanda feteleza.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: chulukitsani

Njira yosavuta ndi ya ana omera m'mbali mwa Aloe, Haworthia, khonje ndi makakitasi ambiri. Dikirani mwana akule kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a make, mupatuleni ndi mpeni woyera, makamaka ali ndi timizu take. Echeveria ndi Crassula zimamera ndi tsamba: ligwireni, ligwedezeni uku ndi uku mpaka lithothoke lathunthu ndi kachikhodo kake. Loduka pakati silimera. Ligonekeni pamwamba pa dothi louma pamthunzi wowala, osalikwirira. Pakatha masabata awiri kapena kuposerapo timizu tapinki timatuluka, kenako kachomera kakang'onong'ono, ndipo tsamba lakale limafota pamene kamwanako kakuliyamwa. Tsamba la alovera silimera motere, limangoola, musataye nalo nthawi.

Zodula nthambi, chachikulu ndi kuumitsa bala. Nthambi yowonda ya Crassula imafuna masiku atatu kapena asanu pamthunzi, kakitasi wonenepa sabata ziwiri ngakhale kuposa, mpaka podulapo pachite chikhungu cholimba. Kenako imikani m'dothi louma, mozama pang'ono chabe, muchirikize ndi miyala, ndipo madzi adikire mpaka mutamva kuti yagwira mukaikoka pang'ono. Podula Euphorbia valani magalasi ndi majumbo m'manja, ndipo viikani podulapo m'madzi kuti utomoni uleke kutuluka. Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi Sepitembala ndi Okutobala. M'kati mwa dzinja mabala sauma.

Gawo lomaliza: matenda, tizilombo ndi zotaya

Kuola mukakupeza msanga, chomera chimapulumuka. Dulani pamwamba pa gawo lofewalo ndi mpeni wopukuta ndi spiriti, yang'anani podulapo. Mukaona kadontho kofiirira kapena kakuda pakati, pukutaninso mpeni, dulani chapamwamba, mpaka mupeze mnofu woyera wopanda banga. Mutu wotsalawo uumitseni n'kuubzala ngati nthambi. Dothi lakale litayeni ndipo mphika muutsuke. Koma musasokoneze kuola ndi kukalamba: kakitasi wamkulu amachita khungu lofiirira, louma, lolimba m'munsi, ndipo limenelo si vuto.

Kachilombo kovuta kwambiri ndi kodikodi, m'bale wa uja amagwira chinangwa. Amabisala m'mphako za masamba ndi pakati pa minga, atadzikuta ndi zoyera. Kulungani thonje kumtengo wa machesi, viikani mu spiriti, mukhudze kachilombo kalikonse, ndipo bwerezani sabata iliyonse mpaka atatha, chifukwa mazira amaswa pambuyo. Chomera chikangoima osakula popanda chifukwa chooneka, zulani: pali kodikodi wina wokhala kumizu, amene amasiya zoyera m'mbali mwa mphika. Tsukani mizu, iume, mubzale m'dothi latsopano. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pachomera, zitsatireni, zimakhala zikuweta tizilombo timeneti. Kangaude wofiira, yemwe uja wa pa tomato, amabwera kukatentha ndi kuuma n'kusiya dzimbiri pamutu pa kakitasi. Pa Aloe mukaona zotupa zokhakhala zopiringizika pamasamba kapena pamaluwa, dulani gawo lonselo n'kuliwotcha, chifukwa tizilombo toyambitsa zimenezi timafalikira ku anzake. Chomera chilichonse chatsopano chikhale pachokha masabata awiri kapena atatu chisanasakanikirane ndi zinzake.

Zodulira zina musataye kudzala kapena kuseri kwa mpanda. Chigawo chimodzi cha Opuntia chikagwa pansi chimamera. Ku Australia chomerachi chinadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni pofika m'zaka za m'ma 1920, mpaka boma linachita kuitanitsa kagulugufe kotchedwa Cactoblastis kuchokera ku Argentina kuti mphutsi zake zichidye. Chinanso ndi Kalanchoe wa ku Madagascar, uja amabereka tiana tambirimbiri m'mphepete kapena kunsonga kwa masamba. Kamwana kalikonse kogwa kamamera, ndipo ng'ombe zikadya chomerachi, makamaka maluwa ake, zimafa. Zoterezi ziyanikeni palata mpaka ziume gwa, kenako muziwotche.